I2C kapena SPI: masensa anu muwalumikize bwanji?

Anzanga amene angoyamba kumene kugwira Arduino, kabolodi kamakompyuta koyendetsera tizida ta magetsi, sakutopa kundifunsa: sensa yolola njira zonse ziwiri zolankhulirana ndi bolodi, monga BME280 yoyeza kutentha ndi chinyezi, ipite pa I2C kapena pa SPI? Ndiyankhe kamodzi pano. Koma mudziwiretu kuti I2C inandikhaulitsa, ndipo mpaka lero ndikadali nacho kumtima.

Kukopa I2C imakopa ndithu. Mawaya a uthenga ndi awiri okha, SDA wonyamula uthenga ndi SCL wopereka kugunda kwa nthawi, pa bolodi la Arduino Uno ali pa mapini A4 ndi A5, ndipo masensa onse amadalira omwewo, iliyonse ndi adiresi yake. A Philips anaipanga mu 1982 kuti tizida ta pa bolodi limodzi tizilankhulana. Pa bolodi limodzi. Mfundo imeneyi ine sindinailabadire.

Ndinkafuna kuyeza kutentha ndi chinyezi m'chipinda chosungiramo katundu, ndiye ndinagula ma BME280 atatu. Nditafika polumikiza ndi pomwe ndinazindikira kuti sensayi ili ndi maadiresi awiri basi, 0x76 ndi 0x77. Yachitatu inasowa pokhala. Ndinachita kuwonjezera TCA9548A, kachida kogawa msewu umodzi kukhala isanu ndi itatu. Amene amati I2C siwononga ndalama, ndalama iyi saiwerengera.

Chimene chinandiwawa kwenikweni chinabwera pambuyo. Sensa imodzi ndinaiika patali, pa waya wa mamita atatu. Pa I2C chida chimangokokera mzere pansi, ndiye kuti kutsitsa mphamvu ya magetsi pa waya, kuubwezera pamwamba ndi ntchito ya ma resistor, nthawi zambiri a 4.7k. Waya ukatalika, mzere umakwera mwaulesi ndipo umatola phokoso la magetsi. Malire ovomerezeka a capacitance, kusunga magetsi kwa waya komwe kumakula waya ukatalika, ndi 400 pF pa msewu wonse. Tsiku lina kukambirana kunadukira pakati, sensa n'kutsala itagwira SDA pansi, kudikira SCL kuti imalize mawu ake. Pulogalamu yanga nayo inangoti duu, kudikira sensa. Kasikirini kanaonetsa madigiri 24.1 kwa masiku awiri, ine n'kumayamikira kuti chipinda chakhazikika bwino. Kudina batani la reset sikunathandize, chifukwa sensa inali ikadali ndi magetsi ndipo sinasiye mzerewo.

Mankhwala alipo. Gwedezani SCL kasanu ndi kanayi pulogalamu ikamayamba kuti sensa imasule mzere, ndipo ikani lamulo la setWireTimeout mu pulogalamu kuti kudikira kukhale ndi polekezera. Koma zonsezi ndinaziphunzira zitavuta kale.

SPI ndi ya mawaya ambiri: MOSI wotumizira uthenga, MISO wolandirira ndi SCK wa kugunda kwa nthawi, pa mapini 11, 12 ndi 13, kenaka sensa iliyonse ndi waya wake wa CS, wosankhira sensa yolankhula nayo. Nkhani ya maadiresi kulibe. Masensa atatu ofanana ndi ma CS atatu, zatha. Mukakweza CS, kukambirana kosokonekera kumafera pomwepo, mwayambanso zatsopano. Liwiro ndiye osanena, pa Uno imafika 8 MHz pomwe masensa ambiri a I2C amalekera pa 400 kHz, ngakhale poyeza kutentha simungamve kusiyana.

Zofooka SPI ili nazo. Mapini amatha msanga, komanso mukalakwitsa mode, imodzi mwa njira zinayi zogwirizanitsira uthenga ndi kugunda kwa SCK, mumawerenga zinyalala. Choopsa kwambiri n'chakuti SPI siyankha kuti "ndamva". Waya ukazuka mumangolandira 0xFF kapena 0x00 ngati kuti ndi uthenga weniweni, pomwe I2C imakuuzani kuti palibe wavomera. Apa I2C ndiigonjere. N'chifukwa chake ndimayamba ndi kuwerenga nambala yodziwira chida: BME280 imayankha 0x60, ikayankha 0x58 dziwani kuti akugulitsani BMP280 yosayeza chinyezi.

Ine ndiye ndili kwa SPI, makamaka masensa akakhala ofanana kapena ntchito ikakhala yosiyidwa yokha usiku. I2C ndimailola pa kasikirini ka OLED ndi wotchi ya DS3231 zoyandikana ndi bolodi, mawaya osapitirira kutalika kwa chikhatho. Musanagule, onani mapini a kabolodi ka sensa, chifukwa tina tili ndi anayi okha, a I2C. Ndipo ngati mtunda ndi wa mamita makumi, zonse ziwirizi zisiyeni, tengani RS-485, njira yopangidwira mawaya aatali.