Publish or Perish: nyenyezi zinayi, koma K150,000 yanga ikundiwawabe

Mkwiyo umene ndili nawo si wa Publish or Perish ayi, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera kuti mapepala a kafukufuku a munthu atchulidwa kangati ndi ena (citation). Ndi wa mkulu uja amene amazungulira m'maofesi mwathu nyengo yofunsira promotion ikafika, laputopu ili kukhwapa, n'kumalonjeza kuti lipoti la citation amakonza masiku awiri basi. Ndinam'patsa K150,000. Anabwera ndi mapepala asanu omangidwa bwino, pamwamba atalemba kuti h-index yanga, nambala yoyezera mmene mapepala anga amatchulidwira ndi ena, ndi 19. Ndisaname, ndinasangalala, mpaka ndinaonetsa mayi akunyumba.

Mwayi wanga, ndisanapereke faelo ndinadutsa kwa mnzanga amene tinayamba limodzi ntchito. Anawerenga tsamba lachiwiri, n'kuvula magalasi. "Achimwene, kodi za malungo munayamba liti?" Ine ntchito yanga ndi ya nthaka, chimanga ndi nandolo. Koma pamndandandapo panali udzudzu, maneti, ana a m'chipatala, pepala lina lolembedwa ndili ku sekondale. Mkuluyo anangolemba "Phiri" ndi chilembo choyamba cha dzina langa, n'kukokolola zonse zimene zinatuluka. A Phiri tilipo ambiri, kuyambira ku Dedza mpaka ku Chipata. Faelo ikanalowa choncho, komiti ikanati ndaba ntchito za eni ake. Nditamuimbira anati, "Ndi mmene system yatulutsira, bwana." Ndalama sanabweze.

Amene anandionetsa Publish or Perish ndi mwana wasukulu amene ndikumuyang'anira pa masters. Anaipanga Anne-Wil Harzing mu 2006, ndipo ndi yaulere. Umasankha kokatenga, kaya Google Scholar, Crossref, OpenAlex kapena PubMed, ulemba dzina, mapepala onse n'kundandalika. Chimene chinandigwira mtima ndi kabokosi kam'mbali mwa pepala lililonse. Ukachotsa chizindikiro pa pepala losakhala lako, manambala pamwamba amasintha pompo uli kuona. Ndinachotsa a Phiri a malungo mmodzimmodzi, 19 uja akutsika ngati madzi mumphika wobooka, mpaka anaima pa 7. Ndiye kuti mapepala 7 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 7, monga anakonzera Jorge Hirsch, amene anayambitsa h-index, mu 2005. Ndi yochepa, koma ndi yanga.

Tsiku lomwelo ndinapita ku laibulale kukaona h-index yanga pa Scopus, nkhokwe ina ya mapepala a kafukufuku: 4. Poyamba zinandiwawa, kenako ndinamvetsa. Scopus ya Elsevier ndi Web of Science ya Clarivate zimawerenga magazini okhawo amene zinawasankha, ndipo ambiri a kuno amene timawapeza pa AJOL, tsamba la magazini a kafukufuku a mu Africa, mulibemo. Google Scholar imatola chilichonse, ma thesis, malipoti a mabungwe, ngakhale pepala limodzi kulitulutsa kawiri. Pepala langa la nandolo, limene alangizi ndi ana a masters amalitchula kwambiri, likuoneka ku Google Scholar kokha. Komabe 4 wa Scopus uja ndi wopetedwa kale, mulibe mankhusu ambiri, ndiye sindikumunyoza. Mufaelo ndinaika manambala onse awiri, iliyonse ndi kumene yachokera ndi tsiku limene ndinaitenga.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa kupetako ndi kwa manja. Madzulo onse anathera pomwepo, ndipo ukafunsa kambirimbiri Google Scholar imayamba kukuuza kuti utsimikize kuti sindiwe loboti. Maonekedwe ake ndi achikale, koma intaneti ya pafoni inakwanira, bando sinathe. Ngati dzina lanu ndi Banda, Phiri kapena Mwale, tsegulaninso ORCID lero lomwe, nambala yapadera yokusiyanitsani ndi ofufuza ena a dzina lofanana, nayonso ndi yaulere.

Mkulu wa laputopu uja ndinamuona dzulo akugogoda pa chitseko cha a Banda a ku Chemistry.