Rapid Sequencing Kit ya Nanopore, ine yandisangalatsa

Anzanga a mu labu kuno ku Tete, kit iyi ya kampani ya Oxford Nanopore, yokonzera DNA kuti makina aiwerenge, ndi yabwino zedi. Muli enzyme ya transposase yomwe imadula DNA nkumatanso ma tag (tizizindikiro ta kumapeto kwa zidutswazo) nthawi yomweyo, ndiye mphindi 10 zokha sampulo yakonzeka, mwaithira mu MinION (kamakina kakang'ono kowerenga DNA), laputopu yayamba kuwerenga basi. Ife tinayesa ndi mabakiteriya zinatuluka bwinobwino. Koma data imachepako poyerekeza ndi kit ina ya kampani yomweyi yotchedwa ya ligation, komanso DNA ikakhala yochepa enzyme ija imaiduladula tizidutswa tifupitifupi, muziyeza kaye kuchuluka kwa DNA musanayambe.

Chovuta ndi kutentha kwathu kunoku, kit imafuna kusungidwa pa -20°C koma kampani ina yonyamula katundu inatibweretsera bokosi ayezi atasungunuka yense, mtima unandiwawa kwabasi poti ndalama zake si zamasewera. Muziwakakamiza aike ayezi wambiri.