Guluu uti, kapena ulusi? Kukonza jombo zoyendera mtunda pakhomo

Musanatsegule guluu aliyense, yang'anani kaye chofewa chimene chili pakati pa labala wopondera pansi ndi chikopa cha pamwamba. Pa jombo zambiri zokwerera mapiri chimakhala cha polyurethane kapena cha EVA, yomwe ndi mitundu iwiri ya pulasitiki yofewa ngati siponji. Cha polyurethane chimadyeka ndi chinyezi pang'onopang'ono, makamaka jombo ikangokhala zaka zingapo osavalidwa. Chikandeni ndi chikhadabo. Chikamanyenyeka ngati dothi louma, kapena chikamanata m'zala, palibe guluu amene angathandize, chifukwa adzagwira pamwamba pokha pomwe m'kati mukupitiriza kuyoyoka. Jombo yotere ndi yopita nayo kwa wosoka nsapato kuti aike soli yatsopano. Koma ngati chofewacho chili cholimba, ntchitoyi mungaithe nokha.

Soli ikamatuka n'kuyasama, mpikisano weniweni uli pakati pa mitundu iwiri ya guluu.

Woyamba ndi guluu wa contact, uja wonunkha kwambiri amene osoka nsapato amagwiritsa ntchito. Barge ndi mmodzi mwa odziwika. Ameneyu amapakidwa mbali zonse ziwiri, mopyapyala, kenako mumadikira mphindi 10 mpaka 15 kuti aphwe. Mukamukhudza ndi nsana wa chala n'kumva kunata koma osatsalira pakhungu, wakonzeka. Pamenepo gwirizanitsani mbali ziwirizo kamodzi kokha, poti zikagundana sizisunthikanso, ndipo menyani ndi hamala kuyambira m'kati kupita m'mphepete. Anthu ambiri amalephera pa kudikirako: amamata guluu akadali wamadzi, madzi ake osungunulira n'kutsekeredwa m'kati, mawa lake soli yayasamanso. Ngati chikopa kapena chofewa chija chamwa guluu woyamba, pakaninso kachiwiri. Ubwino wake ndi woti amagwira nthawi yomweyo ndipo amapindika bwino. Kuipa kwake, sadzaza mpata. Amafuna mbali ziwiri zosalala zogonerana ndendende.

Wachiwiri ndi guluu wa polyurethane, monga Aquaseal SR kapena Stormsure. Uyu ndi wolemera, amauma pokoka chinyezi cha mumpweya, ndipo akauma amasanduka labala wolimba wosalowa madzi. Amadzaza mipata, choncho ndiye woyenera pamene kachidutswa kanyotsoka, kapena pamene labala woteteza zala kutsogolo wayamba kusendeka. Koma sagwira msanga. Muyenera kumanga jombo maola 8 mpaka 12, ndipo kuisiya tsiku lathunthu n'kwabwino koposa. Pomanga, zingani ndi mphira zodula pa chubu chakale cha njinga, mutayamba mwaphatika nyuzipepala kapena nsanza m'jombomo kuti isafwaphire. Musakoke mphirazo mpaka guluu yense atafinyikira kunja. Dziwaninso kuti chubu cha guluuyu chikatsegulidwa, wotsalayo amauma yekha posakhalitsa. Kutseka bwino n'kuika mufiriji yozizira kwambiri kumatalikitsa moyo wake.

Ndiye pa awiriwa, ngati soli yamatuka malo aakulu koma mbali zonse zili zathunthu, wa contact ndiye wabwino. Ngati pali dzenje, m'mphepete mokumbika, kapena malo oti hamala singafike, tengani wa polyurethane. Kwa munthu amene akufuna kusunga mmodzi yekha m'nyumba, ife tingasankhe wa polyurethane, chifukwa amalola kukonza pamene mwapotoza asanaume.

Onse awiri amadalira kukonzekera kumodzi, ndipo apa mpamene pagona ntchito yonse. Tsukani matope, umitsani jombo pamthunzi masiku awiri ngati inanyowa. Palani guluu wakale ndi mpeni, kwechani mbali zonse ndi sandipepa wokhakhala wa nambala 60 kapena 80 mpaka labala asiye kunyezimira, kenako pukutani ndi sipiriti. Mchenga umakonda kubisala pangodya penipeni pamene soli ikadali yogwira. Ikani kamtengo kotsegulira mpatawo kuti mswachi wakale ufike. Polishi kapena mafuta a chikopa akatsalira pang'ono, ngakhale guluu wabwino bwanji amasendeka. Gwirani ntchitoyi podutsa mphepo, kutali ndi moto.

Guluu wina wa nsapato wotchedwa Shoe Goo ali pakatikati. Ndi wabwino kukuta kutsogolo kokalika kapena kuwonjezera chidendene chodyeka, koma amanyala pouma ndipo amafuna maola 24 mpaka 72. Kumata naye soli yonse ya jombo yolemera, amagonja kwa awiri aja.

Supaguluu ndi epoxy (guluu wosakaniza mankhwala awiri) musataye nawo nthawi. Amauma gwa, pomwe jombo imapindika pa sitepe iliyonse, ndiye amathetheka. Choipa kwambiri, supaguluu amalowerera m'chikopa n'kuchiumitsa, moti pofuna kukonzanso mumayamba mwakwecha malo aakulu kuposa poyamba.

Msoko wa pamwamba ukatotoka, nkhani ndi ina: pamenepo ulusi umaposa guluu aliyense. Gwiritsani ntchito ulusi wa nayiloni kapena poliyesita wopakidwa phula, osati wathonje umene umawola ukanyowa. Singano ija yokhala ndi kambedza kunsonga imagwira, kapenanso masingano awiri odutsana pabowo limodzi, msoko umene sutotoka wonse ngakhale ulusi umodzi utaduka. Tsatirani mabowo akale. Kuboola atsopano pafupi ndi akale kumang'amba chikopa motsatira mzerewo. Yambirani mabowo atatu kumbuyo kwa pamene patotokera, ndipo mukamaliza wotchani nsonga za ulusiwo pang'ono kuti zisamasuke. Ngati jombo ili ndi nsalu ya m'kati yotchinga madzi monga Gore-Tex, singano ikaipyoza ndiye kuti mwaibooleratu. Sokani chikopa chakunja chokha ngati n'kotheka, kenako pakani guluu wa polyurethane mopyapyala pamwamba pa msokowo.

Kusoka soli kumatheka pa jombo zokhazo zimene zinasokedwa kale m'mphepete mooneka. Pa zomatidwa ndi guluu, ulusi umadula chofewa chija n'kutsegulira madzi njira.

Mukatha kukonza, musaumitse jombo pafupi ndi moto kapena hita. Kutentha kumafewetsa guluu wa contact, kuphatikizapo wa kufakitale, ndipo kumasweretsa chikopa. M'malo mwake, jombo ikanyowa, chotsani chopondera cha m'kati, phatikanimo nyuzipepala, muzisintha ikanyowa.