Kulemba pafoni, mawu ojambula kapena makina odula: chiti chimatilowetsa m'macheza?

Kwa ife amene sititha kuyankhula bwino ndi pakamwa ndipo timayankhulira pa chipangizo, mayeso a tsiku amayambira pa moni. Mnansi akati "Mwadzuka bwanji?" amakhala ali pa ulendo wake, ndowa ili pamutu kapena njinga ili m'manja, ndipo yankho likachedwa amangomwetulira n'kupitirira. Anthu akamacheza amatulutsa mawu pafupifupi 150 pa mphindi imodzi. Ambiri mwa ife sitifika ngakhale 15. Stephen Hawking, wasayansi wa ku Britain amene anasiya kuyankhula mu 1985 atamuboola pakhosi chifukwa cha chibayo, ankafika pa mawu 15 omwewo nthawi imene dzanja lake linkadinabe batani, chonsecho anali ndi akatswiri omuzungulira. N'chifukwa chake chipangizo chilichonse ndimachifunsa funso limodzi: kodi chindilowetsa m'macheza nkhani isanapite kwina, komanso m'Chichewa?

Ine sitiroko inandilemeretsa lilime ndi dzanja lamanja, koma kuwerenga ndi kulemba zinatsala. Zimene ndinene pano muziyeze ndi thupi lanu, poti wa cerebral palsy (kulumala kochokera mu ubongo kuyambira ukhanda), wa matenda a motor neurone (ofooketsa minofu pang'onopang'ono) ndi amene anachotsedwa kholingo sitisowa chinthu chimodzi.

Njira imene ambiri timayambira ndi kulemba pafoni kuti foniyo iwerenge mokweza. Pa Android pali Speech Assistant AAC, ndipo pa iPhone kampani ya Apple inaikamo Live Speech mu 2023, imene imayankhula ngakhale uli mkati moimba foni. Ubwino wa kulemba ndi ufulu. Ukhoza kutsutsa pa msonkhano wa banja, kufunsa mtengo wa feteleza, kutchula dzina la mwana wobadwa dzulo. Palibe amene anakukonzera mawuwo, ndi ako. Gboard, kiyibodi ya Google ya pafoni, ilinso ndi Chichewa ndipo imakupatsa mawu usanamalize kulemba, zimene zimapulumutsa zala za munthu wa dzanja limodzi.

Chopweteka ndi liwu. Mapulogalamuwa amabwereka liwu limene lili kale m'foni, ndipo pa mafoni amene ndagwirapo la Chichewa palibe. Mu 2024 Google inaphunzitsa mafoni kumva Chichewa, kuti munthu aziyankhula foni n'kumalemba. Ife timafuna zotembenuza: tilembe, foni iyankhule. Liwu la Chingerezi limawerenga Phiri ngati Firi, phala ngati fala, ndipo likafika pa ng'ombe limasokonezeka. Ngati foni yanu ili ndi liwu la Chiswahili, sankhani limenelo, limayandikira kwambiri. Ngati mulibe, yesani la Chisipanishi: mavawelo ake ndi asanu ngati athu, ch imamveka bwino, ndipo limatsindika silabo yachiwiri kuchokera kumapeto monga timachitira ife. Limakhumudwa pa j, moti njinga imatuluka yachilendo. Zonsezi n'zongopeputsa. Anzako a tsiku ndi tsiku amazolowera, koma agogo amene akulimva koyamba amayang'ana foni m'malo moyang'ana iwe.

Njira yachiwiri ndi mabatani okhala ndi chithunzi, amene umajambuliramo mawu a munthu weniweni. JABtalk imachita zimenezi pa Android, Cboard nayonso, ndipo zonse ziwiri n'zaulere. Cboard inathandizidwa ndi thumba la UNICEF lolimbikitsa luso latsopano. Apa ndi pamene Chichewa chimatuluka ndi kamvekedwe kake, kukwera ndi kutsika kwake. Udina kamodzi, "Ndadzuka bwino, kaya inu?" wafika nthawi yake, ndipo mnansi uja amaima.

Ndikhalitse pang'ono pa nkhani ya yemwe akujambulireni, chifukwa ambiri timaifulumirira. Wachangu pa mafoni m'nyumba nthawi zambiri amakhala mwana, ndiye amajambula ndi iyeyo. Musalole zimenezo ngati ndinu wamkulu. Bambo wa ana anayi akamapereka moni ndi liwu la mwana wa pulayimale, anthu amayamba kumuyankha ngati mwana, ndipo ulemu umene wautaya pamenepo umavuta kuubweza. Pezani wa msinkhu wanu, mwamuna ngati ndinu mwamuna, mkazi ngati ndinu mkazi, makamaka wa kwanu, kuti wa ku Dowa asamveke ngati wa ku Zomba. Asakhale munthu amene mumayenda naye tsiku lililonse, chifukwa omvera amatembenukira kwa iye poganiza kuti ndiye wayankhula. Mukasankha liwu, khalani nalo. Hawking anakana kusintha lake ngakhale atabwera ena omveka bwino, poti anthu ankamudziwira limenelo.

Malire a mawu ojambula ndi oonekeratu: umanena zokhazo zimene unasunga, ndiponso m'kanenedwe komwe unasungira. "Pepani" wa pamene waponda munthu phazi sangagwire ntchito pa maliro. Uyenera kujambula awiri. Zithunzi zobwera ndi mapulogalamu nazonso n'zakwina. LetMeTalk imagwiritsa ntchito zithunzi za ARASAAC, zochokera ku Aragón m'dziko la Spain, n'zomveka bwino, koma mbaula, kabaza ndi chitenje mujambule nokha ndi kamera. Kwa mwana amene sanaphunzire kuwerenga, kapena wamkulu amene sitiroko inamusokonezera zilembo, chithunzi cha mbale yake yeniyeni ndi nkhope za abale ake chimagwira msanga kuposa chojambula cha kutali.

Tsopano tiziike njira ziwirizi pa malo amene timakhala. Kumsika, mawu ojambula ndiwo amatsegula nkhani: "Bwanji tomatoyu?", "Tsitsaniko mayi", "Mundiikireko basela". Koma mitengo imasintha sabata ndi sabata, ndiye nambala ndimailemba pa sikirini n'kumuonetsa wogulitsa. Chimodzimodzi kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba: nambala ya foni ndi ndalama musaziyankhulitse mokweza pagulu, muonetseni. Mu minibasi kulemba kulibe ntchito. Galimoto ikugwedezeka, wailesi ikulira, siteji yako ikudutsa. Pamafunika batani limodzi lalikulu patsamba loyamba lonena "Wotsika!", lina la "Chenji changa, akondakitala", ndi kasipika ka Bluetooth kolendewera pakhosi, poti sipika ya foni imamira m'phokoso.

Pa maliro ndimatsitsa zonse. Liwu la makina m'nyumba ya siwa limadzidzimutsa, ndipo maso onse amachoka kwa ofedwa n'kubwera kwa iwe. Ndimagwira dzanja, n'kudina "Pepani ndi zovutazi" wojambulidwa motsitsa, foni ili pafupi ndi khutu la amene ndikumupepesa. Kuonetsa zolemba kumathandiza kwa achinyamata, koma kwa akuluakulu amene maso anafooka kapena sanapite kusukulu, zolemba sizifika. Kutchalitchi kapena ku msonkhano wa banki m'khonde, ukadziwiratu kuti uyankhula, pempha wokujambulira uja akujambulire usiku wake zimene walemba. Zikatero maganizo ndi ako, kamvekedwe n'ka Chichewa.

Povuta kwenikweni ndi pa macheza wamba, pa bawo kapena pokambirana za mpira. Nthabwala imene walemba imafika anthu ali kale pa nkhani ina. Chimene chandithandiza ndi timawu tating'ono tojambula: "Eya!", "Bodza limenelo!", "Zoona?", "Dikirani, ndikulemba". Timatengera malo ako pagulu pamene zala zikukonza chiganizo chachitali. Batani limene ndimalidina kawirikawiri kuposa onse limati "Ndikumva bwinobwino, yankhulani ndi ine". Mukudziwa chifukwa chake. Wogulitsa, namwino, ngakhale wachibale, amafunsa amene wakuperekeza kuti "Akufuna chiyani?" iwe uli pomwepo.

Pali kachinthu kena kamene kamasiyanitsa foni ndi makina opangidwira ntchitoyi. Toby Churchill wa ku England, amene anasiya kuyankhula atadwala matenda otupitsa ubongo, anapanga Lightwriter mu 1973, ndipo makinawa amadziwika ndi masikirini awiri, ina yoyang'ana wolemba, ina yoyang'ana womvera. Mumacheza maso ndi maso. Ndi foni, anthu amazungulira kumbuyo kwako, kusuzumira paphewa n'kumakumalizira chiganizo, nthawi zina molakwika. Speech Assistant ili ndi batani lokulitsa uthenga kuti udzaze sikirini yonse. Lembani foni itayang'ana pachifuwa panu, mukamaliza mutembenuze. Ndipo auzeni poyera ngati mumakonda kukumalizirani kapena ayi. Ine ndimalola mlongo wanga yekha.

Nanga makina odula? Pulogalamu ya Proloquo2Go, yopangidwa ndi kampani ya AssistiveWare ya ku Amsterdam ndipo inatuluka mu 2009, ndi yokonzedwa mwaluso: mawu ofunika amakhala malo amodzimodzi mpaka zala zimawaloweza. Koma imagwira pa zipangizo za Apple zokha, mtengo wake ndi pafupifupi madola 250 iPad usanagule, ndipo zinenero zake ndi Chingerezi, Chisipanishi, Chifalansa ndi Chidatchi. Kuti iyankhule Chichewa, ujambulirabe wekha batani lililonse, ntchito yomweyo imene ungachite pa pulogalamu yaulere. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiyana kumeneku kunakula. Amene mumakhala ku Britain kapena ku South Africa ndipo tsiku lanu lambiri limadutsa m'Chingerezi, nkhani yanu ndi ina, pulogalamuyi ikhoza kukuyenerani.

Makina oyendetsa ndi maso, monga a Tobii Dynavox ya ku Sweden, sindingawaike pa sikelo imodzi ndi foni. Kwa munthu amene manja onse anasiya kugwira, akhoza kukhala khomo lokhalo, ndipo wopeza mwayi wake asaukane. Angodziwa kuti amadula madola masauzande, ambiri amavutika padzuwa chifukwa amatsata diso ndi kuwala kwa infrared, ndipo akawonongeka wokonza ali kutsidya la nyanja. Musanalandire mphatso yotere, funsani kuti batire likafa mudzalipeza kuti.

Amene anachotsedwa kholingo chifukwa cha khansa, koma lilime ndi milomo zili bwino, aganizire electrolarynx, kachipangizo kogunditsa pakhosi kamene kamanjenjemera pakamwa n'kumaumba mawu. Liwu lake limalira mofanana osakwera osatsika, koma limayankhula Chichewa pa liwiro la macheza, zimene foni iliyonse sinakwanitse.

Ine ndinakhazikika pa kuphatikiza: mawu ojambula a moni, msika, minibasi ndi timawu tolowerera, kulemba pa zina zonse, ndi WhatsApp madzulo, kumene palibe amene amaona kuti ndachedwa. Zonsezi zili pa foni yotsika mtengo ya Android imene ndinaipatulira ntchitoyi, kuti woimba asandidule pakati pa chiganizo, ndipo ndimaimangirira chingwe padzanja ndikamadutsa pa depoti. M'thumba mumakhala khadi lokutidwa ndi pulasitiki, lolembedwa dzina langa, nambala ya wachibale, zilembo zonse ndi manambala, la tsiku limene magetsi azima batire n'kutha. Ngati ndalama zilipo zochepa, yambani ndi kasipika ndi power bank, tabuleti idzabwera pambuyo.