Kosi ya alezi ya masabata awiri ija, ndikuipatsa nyenyezi zitatu basi

Ambiri mwakhala mukundifunsa za kosi ndinapita mwezi wathawu ndiye ndangoti ndilembe kamodzi aliyense adziwerengere yekha, dzina la malowo sinditchula. Ine ndine mlezi pa sukulu ya mmera mpoyamba ya m'mudzi mwathu muno, zija timati CBCC, chaka chino ndi chachisanu ndipo zaka zonsezi ndimaphunzitsa ndi nzeru za m'mutu, kungotengera zomwe ndinkaona aphunzitsi anga akuchita ndili sitandade 1. Ana athu ndi a zaka 3 mpaka 5, tsiku la phala amadzadza mpaka pakhonde koma ufa ukatha theka lake sabwera, alezi tilipo atatu tonse ongodzipereka. Kuti ndikwanitse fizi ndi thiransipoti ndinagulitsa matumba awiri a chimanga, ndiye musadabwe kuti ndikuwerengera chilichonse.

Ndiyambe ndi zabwino poti zilipo ndithu. Mayi amene ankatiphunzitsa za masewera, eee amene uja ntchito amaidziwa. Tsiku loyamba anatulutsa mipando yonse nkutikhazika pansi pa simenti, kenako anabwera kudzaima pamutu panga penipeni nkukuwa kuti "Iwe! Takhala bwino apo!" mtima unachita kuti phaa ine munthu wamkulu wa ana anayi, ndiye anangofunsa mofatsa kuti nanga mwana wa zaka zitatu amamva bwanji mukamamuyankhula mutaima choncho. Palibe anayankha. Kuchokera tsiku limenelo ndimagwada kaye ndisanayankhule ndi mwana, mawondo akudandaula koma ana asiya kundithawa.

China chomwe chinandichititsa manyazi ndi nkhani yowerenga manambala. Kwathu timanyadira kuti ana athu amalakatula wani mpaka twente pachizungu, makolo amasangalala, pa tsiku lotsekera amafupa. Mayi aja anati mukabwerera kamuuzeni mwana yemweyo kuti akupatseni miyala itatu muone. Ndinayesadi pa kamtsikana kanga kanzeru kwambiri kaja kotsogolera nyimbo, kanangotapa miyala yodzadza manja nkundipatsa kakumwetulira. Zaka zisanu ndimaphunzitsa nyimbo ndikumati ndi masamu. Pano tikuwerenga ndi zitsekerero za mabotolo, zitsononkho ndi njere za bwemba, mwana agwire chinthu chimodzi chimodzi akutchula, m'Chichewa kaye chizungu pambuyo. Anatiphunzitsanso kugawa kalasi m'makona, kona ya mabuku, ya zomangamanga, ya zoyerekeza, ya mchenga ndi madzi, ndipo zoseweretsa zonse tinapanga tokha ndi makatoni, dongo, tinsalu totsala kwa atelala, osagula kanthu kushopu. Mpondagiya wosambira m'manja tinamanganso tokha ndi kachigubu ndi chingwe. Gawo la chitetezo cha ana nalo linali bho, anatifotokozera za lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, nambala yaulere ya 116 komanso kuti nkhani ya nkhanza si yothera kwa amfumu ayi, imayenera kufika ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ndi kupolisi.

Za malo ogona ndi chakudya sinditaya nthawi, soya pisi tsiku ndi tsiku, madzi m'bafa mwa apo ndi apo, tinapirira.

Tsopano pomwe nyenyezi ziwiri zagwera. Masabata awiri onse sitinaone mwana ngakhale mmodzi. Pulakitiko yathu inali yoti azimayi akuluakulu ndi azibambo a ndevu tizinamizira kukhala ana, wina akuphunzitsa ife tikuyankha mwaulemu kuti "inde madamu", komatu mwana weniweni samatero, wina akulira wina wadzikodzera wina waluma mnzake wina watuluka akuthamangira mbuzi, pamenepo ndi pomwe umadziwika ngati uli mlezi. Chonsecho pafupi pomwepo panali nazale, timamva ana akuimba pawindo. Gawo la ana olumala linali la ola limodzi masana titakhuta nsima, bambo wake amangowerenga zomwe analemba pa filipu chati. Ine ndili ndi kamnyamata ka zaka zinayi kosayankhula, ndinafunsa kuti ndizikathandiza bwanji, yankho linali loti "muzimuonetsa chikondi". Chikondi ndimamuonetsa kale bambo, ndimafuna njira.

Koma chomwe chinandiwawa kwambiri ndi setifiketi. Tsiku lomaliza aliyense analandira, pepala lofanana, chidindo chofanana, zithunzi kujambulitsa. Analandira mnyamata wina yemwe anangobwera masiku atatu chifukwa amayendetsa kabaza, analandiranso mayi wina yemwe m'mawa wa tsiku lomwelo ananena poyera kuti mwana wosalawa kamkwapulo samva, ndipo iye kamtengo kake sasiya. Mayeso kunalibe, woti akuonere ukuphunzitsa nkukuuza kuti apa wakhoza apa bwereza kunalibenso. Ndiye pepalalo likuchitira umboni chani, kuti ndimatha ntchito kapena kuti ndinalipira? Kholo likaona setifiketi yanga ndi ya mayi wa kamtengo uja pakhoma lidzasiyanitsa bwanji?

Taganizani, mphunzitsi wa pulayimale amakhala zaka ziwiri pa maphunziro a ku TTC, mbali ina ali m'kalasi lenileni akuluakulu akubwera kudzamuonera nkumupatsa malikesi, ndipo pano akumalembetsanso ku bungwe loyang'anira ntchito ya uphunzitsi lija la Teachers Council. Mwana yemweyo chaka chimodzi asanafike sitandade 1 ali m'manja mwa munthu wa masabata awiri, mwinanso wosaphunzira nkomwe ngati momwe ndinalili ine. Si kuti boma lilibe mapepala, ndondomeko ya mmera mpoyamba inatuluka 2003 nkudzaunikidwanso 2017, lilipo ndi buku lofotokoza zomwe mwana ayenera kumakwanitsa pa msinkhu uliwonse lija amati ELDS, ife anangotionetsa kope imodzi ikuyenda dzanja ndi dzanja ngati chithunzi cha ukwati, osatipatsa ngakhale fotokope. Muyezo wa mwana ulipo, nanga wa mlezi akuyeza ndani.

Ena pakosipo amati njira yake ndi kungonena kuti wopanda MSCE asakhale mlezi. Ine pamenepo ndimakana. Pasukulu pathu pali agogo ena sanafike ndi sitandade 8 komwe koma mwana wolira chotani akafika pamiyendo pawo amatonthola, nthano ndi ndagi zili m'mutu, amadziwa mwana amene wabwera osadya pongomuyang'ana m'maso. Mukawachotsa amenewo chifukwa cha pepala mwaluza. Kuli bwino munthu abwere adzakhale pakona m'mawa wonse aone momwe ndikuchitira ndi ana 20, alembe, andiuze pofooka, adzabwerenso temu inayo, setifiketi ibwere pambuyo pa zimenezo ndipo ikhale ndi masitepe oti munthu nkumakwera mpaka kukafika ku makoleji ngati Magomero ku Chiradzulu ngati mutu ukulola. Komanso tisanamizane, munthu ukamufunsa luso lambiri uzimupatsako kenakake, anzanga awiri a pakosipo anena kale kuti pepalali akukafunira ntchito ku nazale zolipira m'tauni poti kumudzi malipiro ake ndi zikomo ndi kapu ya phala.

Ndiye mupite kapena ayi? Ngati simunaphunzireko chilichonse pitani, mayi wa masewera yekha uja akubwezerani ndalama yanu. Koma musanalipire funsani ngati kuli pulakitiko ndi ana enieni, ngati mabuku akupatsani anuanu opita nawo kwanu, komanso funsani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma lanu ngati pepala lawolo amalizindikira, ine ndinaiwala kufunsa zimenezi ndisanagulitse chimanga. Anatilonjeza kuti azidzatiyendera m'masukulu mwathu ndipo anatsegula gulupu ya WhatsApp yoti tizifunsirapo mafunso, funso langa la kamnyamata kosayankhula kaja lili pompo sabata yachitatu tsopano, pansi pake anaponyapo chithunzi chotsatsa kosi ina ya mwezi wamawa.