Umaylam kapena Rangzen: njira ziwiri zomenyera ufulu wa Tibet

Chilowereni asilikali a China ku Chamdo, mzinda wa kum'mawa kwa Tibet, mu 1950, anthu a ku Tibet sanagonje. Koma wofuna kuima nawo amapeza njira ziwiri.

Umaylam, njira yapakati ya Dalai Lama wa nambala 14 (mtsogoleri wa chipembedzo wa anthu a ku Tibet), imavomera kuti Tibet akhale m'dziko la China, bola eni ake azidzilamulira okha pa chinenero, chipembedzo ndi maphunziro. Rangzen imafuna ufulu wonse, ndipo bungwe la Tibetan Youth Congress laumirira zimenezi kuyambira 1970.

Zotaya: Umaylam imasiya dziko loima palokha lomwe Dalai Lama wa nambala 13 analengeza mu 1913. Rangzen sisiya kanthu.

Abwenzi: Umaylam imalandiridwa m'nyumba za malamulo ku Ulaya ndi ku America. Rangzen palibe boma loivomereza.

Zotsatira: Umaylam inakhazika nthumwi za Dalai Lama pansi ndi boma la China kasanu ndi kanayi pakati pa 2002 ndi 2010, kenako zokambirana zinaima osabala kanthu. Apa mtima umandiwawa, chifukwa anthuwa analolera zambiri. Rangzen sinatsegulepo khomo, komabe imalimbitsa mtima achinyamata a mtundu wa ku Tibet obadwira ku India, komwe makolo awo anathawira.

Wokambirana ndi maboma, Umaylam ikumuyenera. Amene sangatchule Tibet kuti chigawo cha China, kwawo ndi ku Rangzen.