DJI Mini 3 patatha miyezi ingapo: makina ndi abwino, koma mpanda sutchinga kumwamba

Ndinagula DJI Mini 3, droni kapena kuti kandege ka kamera kouluka kopanda munthu m'kati, mvula isanayambe kuti ndizijambulira minda ndi maukwati, ndipo popeza tsopano yaona dzinja ndi nyengo ya mwera yomwe, nditha kunenapo zimene ndapeza. Droni imeneyi imalemera magalamu osapitirira 249, imajambula vidiyo ya 4K yooneka bwino, ndipo mpaka lero sinawonongeke chilichonse. Kampani imati batire limakhala mphindi 38, koma mu Juni ndi Julayi mwera ukamakuntha sindifikako, chifukwa moto wambiri umathera polimbana ndi mphepo pobwerera. Ilibenso zoonera zopinga kutsogolo, choncho pafupi ndi mitengo ya bulugama ndi mawaya a magetsi maso ayenera kukhala anu.

Chimene chandisautsa si makinawa ayi, koma zimene kamera imaona ngakhale simunazifune. Mabafa ambiri kumudzi ndi a udzu ndipo alibe denga, popeza anamangidwa poteteza maso a munthu woyenda pansi. Droni ikangokwera pang'ono kupitirira mitengo, pafoni pamaoneka bafa lonse, chidebe, chitenje chopachikidwa pampanda, ngakhale munthu amene ali m'katimo. Pa ukwati wina mayi wachikulire wa khomo loyandikana anabwera kudzandifunsa mwaulemu ngati kandegeko kajambula kuseri kwa nyumba yake, ndipo anakhutira pokhapokha nditamuonetsa vidiyo yonse pafoni. Funso lake linali loyenera. Masiku ano ndisanauluke ndimayamba ndaonana ndi amfumu ndi eni makomo ozungulira, ndipo kamera ndimailozetsa pamalo amene ndaitanidwira basi.

Malawi si mlendo pa nkhani ya madroni. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserapo madroni ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya za madroni ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata. Koma droni yonyamula mankhwala ili ndi mwini wake wodziwika ndiponso njira yake yodziwika, pamene yanga ingagulidwe ndi aliyense amene ali ndi ndalama. Malamulo a zamaulendo a pandege amasamala kwambiri zakuti droni isayandikire mabwalo a ndege monga Chileka ndi Kamuzu International, zomwe ndi zofunika, koma sayankha nkhawa ya mayi uja. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa chinsinsi cha munthu, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 linapatsa MACRA, bungwe loona za mauthenga ndi kulumikizana, udindo woyang'anira nkhani za munthu payekha, komabe wojambulidwa angadandaule bwanji ngati sakudziwa mwini kandegeko? Ku European Union anaganizapo zimenezi, moti ngakhale droni yosakwana magalamu 250, ikakhala ndi kamera ndipo si choseweretsa ana, mwini wake amalembetsa ndi kumata nambala yake pa droniyo. Ndikanakonda kuti nambala yotereyi izioneka pa droni iliyonse kwathu kuno.

Kwa mlimi amene akufuna kuona pamene madzi akukokolola nthaka kapena pamene chimanga chachita chikasu, Mini 3 ndi yokwanira, bola agule batire lachiwiri. Kwa wokhala m'malo othinana ngati Ndirande kapena Kawale sindingailimbikitse, chifukwa kumeneko simungakwere osaona m'mpanda mwa mnzanu.